Usakafunse Manda a Mayi Ako

Erdington, Birmingham, Lachinayi masana

Tadala mwanangu,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Kings Heath kokatsanzika anzako, bambo ako ali kuntchito, m'nyumba muno ndatsala ndekha ndi sutikesi yako imene yatseka njira ya kukhitchini. Ndayesa kuisuntha, ndalephera. Kaya walongedzamo njerwa. Envulopuyi ndikupatsa mawa pabwalo la ndege, ndipo uiwerenge usanatere ku Lilongwe. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti undiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma kuwerenga umatha, unachoka kwathu uli ndi zaka khumi ndi zinayi, sunali khanda. Komanso ine m'Chingerezi ndimatha kuzembazemba, ndipo lero sindikufuna kuzemba.

Ukupita kukafuna manda a mayi amene anakubereka. Chaka chathunthu wakhala ukuunjika mapepala mu fayilo yako yabuluu ija. Muli chikalata cha kukhoti chonena kuti ine ndi bambo ako tinakutenga mwalamulo kukhala mwana wathu. Muli makalata amene unalembera kuchipatala chamishoni cha ku Ntcheu kumene unabadwira, ndi yankho lawo loti m'buku la obadwa mulibe mwana wa dzina lako pa tsiku limene unawapatsa. Makhadi oimbira foni ogula ku Lozells aja watha angati, ukukuwa pabalaza kuti akumve kumudzi? Ine ndinkangodutsa ndi mbale m'manja, osanena kanthu. Lero ndinena. Langizo langa loyamba ndi ili, ndipo ndilibwereza mpaka likutopetse: ukakafika, usakafunse manda.

Ndikuuze zimene ndinachita chaka changa choyamba cha unamwino, pachipatala chomwecho. Muwodi ya amuna munali odwala awiri, onse a Phiri, onse a chifuwa, mabedi oyandikana. Mmodzi anamwalira m'mawa. Ine pofuna kuoneka wachangu ndinatola khadi lolakwika, n'kutumiza uthenga wa maliro kumudzi kwa wamoyoyo. Pofika masana adzukulu anali atayamba kale kukumba, akazi ake akugubuduka pansi. Ngolo itabwera kudzatenga thupi, inapeza mwini thupiyo ali pakhonde la wodi, akudya chinangwa. Anzanga a kuno ndikawauza nkhaniyi amaseka mpaka misozi. Kumudzi kuja sikunasekedwe. Dzenje lija anakwiriramo thunthu la nthochi, ndipo akazi aja anabwera kudzandiyang'ana m'maso. Anati, "Anamwino, amuna anga anakulakwirani chiyani kuti muwaphe ndi pakamwa?" Bamboyo anachira, koma sanapondenso pachipatala pathu, ngakhale ana ake akadwala. Kwathu kutchula munthu wamoyo ngati wakufa ndi kumutemberera, ndipo "pepani" sachotsa zimenezo.

Ndiye taganiza iwe, wafika pamudzi ndi kachikwama kako kumsana, n'kufunsa kuti manda a Felesiya ali pati. Felesiya ndiye mayi ako okubereka. Tsiku lomaliza limene ndinamuona anali wamoyo, akuyenda ndi miyendo yake, iwe uli ndi zaka zinayi. Kuchokera pamenepo sindinamvepo kuti anamwalira. Ndinakunamiza, Tadala. Ndinanamizanso khoti.

Ukafuna kupinda kalatayi kaye, pinda, umwe madzi, koma uimalize. Ndikufotokozera mmene zinayendera kuti ukadziwe chofunsa ndi wofunsa. Za kundikhululukira sindikupempha m'kalata muno.

Felesiya anabwera naye pangolo malume ake, bambo wamtali wowonda, a Lufeyo. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, njala ili pakhomo lililonse. Felesiya anali kamtsikana, atavutika ndi pakati masiku awiri kunyumba. Ine ndinali pa ntchito tsiku limenelo. Ndine ndinakulandira m'manja, ndine ndinadula mchombo, ndine ndinalemba m'buku. Patatha masiku atatu Felesiya anatentha thupi, mutu unasokonezeka, mkaka osatuluka, iwe osakuzindikira n'komwe. Adokotala anati atumizidwe kuchipatala chachikulu. Mayi ake anali atamwalira kalekale, ndipo a Lufeyo anandipeza panja pa wodi, chipewa chili m'manja. Mawu awo ndimawakumbukira onse: "Anamwino, tisungireniko mwanayu mpaka mayi wake achire. Ife kumudziku tingomupha ndi phala." Anati tisungireniko. Sanati tengani.

Nthawi imeneyo n'kuti nditakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana. Azilamu anga anali atasiya zonena mobisa, ankangonena ndili pomwepo. Nditalowa nawe m'nyumba, pasanathe mwezi anansi anayamba kundiitana kuti Make Tadala. Dzina limenelo linandiledzeretsa. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mwambi umenewo ndinaupotoza kuti undikomere.

Apa ndi pamene pali chimene chakuzunguza mutu chaka chonsechi. Khadi lako loyamba la kusikelo linali ndi dzina limene Felesiya anakupatsa asanadwale, Elube, dzina la malemu mayi ake. Ine ndinatsegula kabati ya kuchipatala n'kutenga khadi latsopano. Ndani akanamufunsa namwino? Ndinalembapo Tadala, pa dzina la mayi ndinalemba langa, pa mudzi ndinalemba kwathu ku Dedza, ndipo tsiku lobadwa ndinaika la mu Malichi, tsiku limene unalowa m'nyumba mwanga. Keke iliyonse imene takudulira, taidula mochedwa ndi milungu itatu. Choncho a kuchipatala aja sanakunamize, ndiponso si aulesi monga unawanenera patebulo tsiku lija. Anafufuza Tadala wa mu Malichi, pamene m'buku mwawo muli Elube wa mu Febuluwale, wolembedwa ndi dzanja lomweli. Utolepo phunziro. Pepala limanena zimene wolembayo anafuna kuti linene, ndiye usakakangane ndi anthu amoyo chifukwa cha pepala, ngakhale likhale ndi chidindo.

Khadi loyambalo sindinataye. Kawiri konse ndinaima nalo pambaula, manja anakana. Lakhala m'chikuto cha Baibulo langa la Chichewa, lija umandiseka nalo kuti ndigule lina. Tsopano lili mu envulopu muno, ndalikulunga m'pulasitiki chifukwa layamba kung'ambika popindira. Dzina la mudzi lili pamenepo, la Felesiya lili pamenepo, ndipo pansi pake pali la a Lufeyo. Mapu a ku Dedza amene unasindikiza kulaibulale uwasiye m'sutikesi. Kumeneko ukangopeza abale anga, amene akakudyetsa bwino n'kukuuza bodza langa lomweli, chifukwa nawonso ndi limene amadziwa.

Tsopano cholakwa chachikulu. A Lufeyo ankabwera kamodzi pachaka kudzakuona, ine n'kumawauza kuti udakali wofooka. Uli ndi zaka zinayi, Loweruka lina masana, ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva "Odi." Anali Felesiya. Anali atachira, atanenepako, atakwatiwa, khanda lina lili kumsana. M'manja anali ndi nkhuku yomanga miyendo ndi kathumba ka mtedza. Mpando anakana, anakhala pansi pafumbi. Ndinakuitana kuti ubweretse madzi. Unabwera ndi kapu, unagwada, n'kupereka ndi manja awiri monga ndinakuphunzitsira. Iye sanamwe msanga. Anakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Mwamulera bwino, anamwino." Kenako anati malume amutuma kudzathokoza, ndiponso kudzamva kuti mwana angapite liti kwawo.

Ndinamuuza kuti uli pa mankhwala a chifuwa osayenera kudukiza, abwerenso akakolola. Unalibe chifuwa chilichonse. Koma ine ndinali namwino, ndipo munthu wa kumudzi satsutsa namwino pa nkhani ya mankhwala. Anangoti, "Chabwino, tidzabwera tikakolola." Anakugwira dzanja pang'ono potsanzika, iwe n'kulisolola kuthamangira anzako. Lolemba lake ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutsire ku Lilongwe. Chimanga chisanaume m'munda tinali titakweza katundu palole, ndipo sindinasiye adiresi kwa wina aliyense. Nkhuku ija tinadya Lamulungu. Iwe unadya mwendo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudziuza kuti ndinena chaka chamawa. Ukayamba sukulu, ukatha mayeso, ukakula, ukazolowera kuno. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo taona, ndikunena ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Iwe ukadzakhala ndi chinthu chovuta chouza munthu, umuuze tsiku lomwelo, chidakali chaching'ono.

Za kukhoti ukuzidziwa mbali imodzi. Pamene zipatala za kuno zinayamba kutenga anamwino kwathu, ine nditapeza malo ku Birmingham, tinamva mphekesera yoti a viza akakayikira amayeza magazi a mwana ndi a makolo. Ndinachita mantha kuti khadi langa labodza litilekanitsa. Loya anati njira yoongoka ndi yokutenga mwalamulo, koma pafunika chilolezo cha mayi wobereka ngati ali moyo. Bambo ako anati, "Make Tadala, tiyeni tikwere basi tipite ku Ntcheu tikawapemphe. Akakana, akana, mwanayu ndi wawo." Ndinawayankha kuti apite okha ngati akufuna kutsala opanda mwana ndi mkazi yemwe. Sanapite. Ine ndinagwira Baibulo pamaso pa woweruza n'kulumbira kuti mayi ako anamwalira pobereka ndipo abale sakudziwika. Titabwerera kunyumba ndinakukhazika pabedi n'kukuuza koyamba kuti sindinakubereke, ndi kuti amene anakubereka anafa. Unalira maliro a munthu wamoyo, ine n'kumakupukuta misozi ndi chitenje changa. Pa zonse zimene ndachita, chimenecho ndiye chimandinyansa kwambiri. Ndinabwereza cholakwa cha a Phiri chija, koma ulendo uno ndikudziwa.

Bambo ako usawaike m'gulu limodzi ndi ine. Mlandu wawo ndi wokhala chete. Chiyambireni fayilo yabuluu ija akhala akundikumbutsa mlungu uliwonse, ndipo Lamulungu lapitali, tikudikira basi pochokera kutchalitchi, anati, "Mukapanda kumuuza inu, ndimuuza ine mundege." Ukudziwa kuti ndege sakwera nawo, koma ndinamva zimene ankatanthauza. Ngati chikalata cha kukhoti chija chidzafunike kukonzedwa, ndidzakaima ndekha pamaso pa woweruza. Linasaina ndi dzanja langa, ndipo choipa chitsata mwini.

Tsopano tamvera za kayendedwe kako, chifukwa iwe ndimakudziwa. Usapite wekha. Lachiwiri ndinaimbira mng'ono wanga Joyisi, amayi ako aang'ono a ku Lilongwe amene akakulandire, ndipo ndawaululira zonse. Anandikalipira mpaka khadi la foni linatha. Avomera kukuperekeza. Pamudzi uwasiye iwo ayambe kuyankhula, iwe ukhale pansi, miyendo yotambasula, chitenje chili m'chiuno. Ndakuikira zitenje ziwiri m'thumba la pambali la sutikesi, ndipo ndikudziwa kuti ukaziona unena kuti "Mum, seriously?" Eya, uvale. Fayilo, kope ndi kamera zitsale m'chikwama. Munthu wofika pamudzi ndi cholembera m'manja amaoneka ngati wabwera ndi mlandu, ndipo aliyense amayamba kuiwala zimene akudziwa.

Usakafunsenso za "Felesiya Banda" monga walembedwera pakhadi. Mlungu wanga woyamba muwodi ya kuno ndinapeza gogo wina wachizungu, ndipo pofuna kumulemekeza monga mwa kwathu ndinamuitana kuti "Mother." Anandiyang'ana n'kundiuza kuti iye si mayi wanga, dzina lake lalembedwa pamutu pa bedi. Ndinakalirira kuchimbudzi, ndine mayi wamkulu. Ndinaphunzira kuti ulemu umapita ndi kwawo kwa munthu. Kuno nkhalamba umaitchula dzina loyamba, kumudzi mayi wa ana satchulidwa choncho ndi mlendo. Mukafunse kwa a Lufeyo, ndiwo eni mbumba, ndipo ngati anatisiya mukafunse amene anatsala m'malo mwawo. Felesiya angakhale akudziwika kuti Nabanda, kapena ndi dzina la mwana uja anali kumsana, limene ine sindinafunse n'komwe. Muyambe mwaonekera kwa amfumu monga achitira alendo onse, kenako akulozereni khomo.

Akakupatsani moni mmodzimmodzi, uyankhe aliyense, ngakhale akhale makumi awiri. Usadumphire pa nkhani. Iwe unazolowera za kuno zofunsa funso n'kuyembekezera yankho pomwepo, ukachedwa kuyankhidwa n'kuyamba kugwedeza mwendo. Kumeneko nkhani imayamba madzi atamwedwa. Za bambo okubereka usafunse tsiku loyamba. Ine sindiwadziwa, Felesiya sanawatchule muwodi, ndipo mwina pali chifukwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina akakuitana kuti Elube, uvomere. Usawongolere, usafotokoze za pasipoti. Ndi dzina lako, unali nalo milungu itatu ine ndisanalichotse.

Akayamba kunditukwana, usanditeteze. Ndikukudziwa, ukhoza kundikwiyira mundege monse, koma wina akandinena pamaso pako n'kuimirira. Ukhale pansi. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za mawu amene sananene, ndipo akuyenera kuwanena kwa wina. Usakawauze za sukulu imene ndinakuphunzitsa kapena nyumba imene unakuliramo ngati kuti zimenezo zikufafaniza mlandu. Sanandipemphe zimenezo. Anandipempha kusunga.

Usayembekezenso zimene umaona pa TV, zothamangirana n'kukumbatirana. Mwina Felesiya akangokuyang'ana n'kulowa m'nyumba. Mwina amuna ake sadziwa kuti kunali mwana wina, ndipo kufika kwako kukamuvuta. N'chifukwa chake muyambire kwa malume, iwo akadziwa mokonzera. Mwina ukapeza abale ako ambiri, ena odwala, ena osowa, onse akuyang'ana kwa iwe. Walira mvula walira matope. Usakalonjeze kanthu tsiku loyamba, koma usakanyansidwenso ndi mphasa imene akakuyalire kapena kapu imene akakupatsire madzi.

Ndipo ngati Felesiya anamwaliradi m'zaka zimenezi, pakuti matenda atenga anthu ambiri kwathu, akakuuza okha. Iwo ndiwo akasankhe tsiku, akapemphe chilolezo, akakutsogolere kumanda. Ukatero ukalire, ndipo ulendo uno ukhala ukulira zoona. Koma mawu amenewo asakayambire pakamwa pako. Ndabwerezanso: usakafunse manda. Ukafunse munthu.

Mapiritsi a malungo uyambe kumwa monga ndinakulembera pabokosi, osati pamene wakumbukira. Neti ndaika pansi pa nsapato. Ukatentha thupi usadzipime wekha ndi kompyuta, upite kuchipatala tsiku lomwelo. Ukafika kuchipatala chamishoni chija ukapepese kwa akalaliki amene unawalembera kalata yaukali, n'kuwapempha akutsegulire buku la mu Febuluwale. Ukaona dzina lako, kulemera kwako, ndi siginecha yanga kumapeto kwa mzere.

Chomaliza ndi ntchito imene ndikukutuma, ngati ungavomere kutumidwa ndi ine. Musanalowe m'mudzi, muime pamsika ugule nkhuku yaikazi yamoyo ndi kathumba ka mtedza. Amayi ako aang'ono akuthandiza kusankha, iwe ungagule tambala wokalamba. Ukampeza Felesiya, ugwade, upereke ndi manja awiri. Kugwada umatha, anaona yekha. Ndiye unene mawu awa ndi pakamwa pako, m'Chichewa, ngakhale lilime likakuvute: "Anamwino aja akuti mwana munawasungitsa uja ndi uyu. Akuti chifuwa analibe. Anachedwa naye dala." Usawonjezere zokometsera. Akakufunsa ngati ndinapepesa, ukanene kuti eya, koma kuti ndikudziwa kuti sizikwanira.

Ndamva chitseko cha pageti, mwina ndi bambo ako. Ndisiyire pano ndikaike mpunga pamoto, iwe ubwera ndi njala ndipo usiku uno tidya limodzi usanadziwe kanthu. Ndikudziwa kuti kumenekonso ndi kuba, koma ndi komaliza.

Ndimakukonda, Tadala, ndipo ndikuchita mantha. Tikiti yako ikuti ubwerera pakatha milungu isanu, Lachiwiri m'mawa. Ndasinthana kale shifiti ndi mnzanga. Ndidzaima potulukira paja ndi jekete lako lakuda, chifukwa kudzakhala kutayamba kuzizira. Ukadzandiitana kuti Mum, ndidzavomera. Ukadzandiitana kuti anamwino, ndidzavomeranso, pakuti ndi mmene amandidziwira kwanu.

Ndine Esinati,
amene anthu amati Make Tadala.